Msomali wa mu Nsapato ya Mzime

Wokondedwa mlongo wanga,

Landirani moni wochokera kuno. Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli ndi moyo, inu ndi amuna anu ndi onse a pakhomopo. Mundidziwitse za mutu uja unkakugonetsani, ndiponso ngati mankhwala a kuthamanga kwa magazi mukumwabe monga anakulangizani. Ine ndili bwino. Maso ndiwo ayamba kutopa, koma ulusi ndikulowetsabe pa singano osapempha munthu.

Mukudziwa kuti ine si wa makalata. Mukaona ndadzaza mapepala chotere, dziwani kuti pali nkhani, ndipo si nkhani ya pa foni pamene ana amatchera khutu. Muwerenge muli nokha, ndipo mufike kumapeto musanatsegule pakamwa kwa munthu aliyense.

Za kuno n'zochepa. Pa khonde la sitolo paja ndinkasokera nsapato anatichotsapo, akuti mwini wake akufuna kukulitsa nyumba. Tsopano ndili pafupi ndi pokwerera mabasi, pansi pa malata amene tagawana ndi mayi wina wogulitsa zipatso. Fumbi ndi lambiri, koma mapazi odutsa ndi ambirinso, choncho sindidandaula. Mayiyo ndi wolongolola, koma mtima wake ndi wabwino. Denga la chipinda changa linkadontha pa ngodya. Ndamata ndi phula, tiona mvula ikabwera.

Nkhani ndi ya Mzime wathu. Ali m'chipatala chachikulu. Musadzidzimuke, sali pa imfa. Akudya, akuyankhula, ndipo dzulo ndinamupeza akuphunzitsa wogawa chakudya m'wodi kagwiridwe ka thireyi.

Zimene zinkanenedwa za iye mukuzidziwa. Ku hotela kuja anagwira ntchito yoperekera zakudya kuyambira unyamata wake, anamuchotsa atagwa ndi thireyi yodzaza matambula pamaso pa alendo. Akulu a ntchito anati anali ataledzera, ndipo sikanali koyamba kumuona akudzandira. Anansi anati amamwa mowa wosanunkha. Mkazi wake, alamu athu, anapirira mpaka tsiku limene anamupeza atagwa m'bafa, kuonjezera pa zina za pogona zimene sindilemba. Anatenga mwana nabwera kudzakhala kwa inu. Inu munandilembera kuti Mzime asaponde pakhomo kufikira atasiya botolo. Sindikukudzudzulani. Munalemba zimene aliyense wa maso akanalemba. Iyeyo poyamba ankakana, kenako anatopa n'kungokhala chete, ndipo anthu anati wavomera.

Chichokere alamu, wakhala m'chipinda changa. Ntchito alibe, koma nsapato zake zakuda za ku hotela amazipukuta m'mawa uliwonse. Mwezi watha anabwera nazo ku malata kuja kuti ndimuikire zidendene zatsopano, pakuti zakale zinali zitatha msanga. Kayendedwe kake ndi kamene kamazitha: amakweza phazi m'mwamba n'kulimenyetsa pansi, maso ali pa mapazi. Mayi wa zipatso atamuona akubwera anafuula kuti tipatuke, asilikali a ku hotela afika ngakhale ng'oma aiwala. Anamufunsanso kuti kodi nthaka inamulakwira chiyani kuti aziimenya chotero. Mzime anayankha kuti akupha nyerere zisanafike pa nthochi zawo, ndipo m'malo mothokoza akumunyoza. Pakamwa pake paja sipanasinthe.

Ine nsapato sindiyamba kuiona ndi maso. Ndimayamba ndalowetsa dzanja m'kati, monga anandiphunzitsira amene anandipatsa ntchitoyi. Nditalowetsa dzanja mu ya kumanzere, china chinandibaya chala. Unali msomali, utaboola kuchokera pansi, nsonga yake itatuluka bwino lomwe. Chikopa cha pamenepo chinali chitada ndi magazi, ena ouma kale, ena aposachedwa.

Ndinamufunsa kuti msomaliwo wayenda nawo kuyambira liti. Anandifunsa kuti msomali uti. Ndinamuuza kuti avule sokosi. Pansi pa phazi panali chilonda chakuya, kukula kwake ngati chitsekero cha botolo. Ndinachidina ndi chala mwamphamvu, ndikumuyang'ana kumaso. Sanagwedezeke n'komwe. Ankayang'ana ngati phazilo ndi la munthu wina.

Mayi wa zipatso anasiya kuseka. Anati malemu amuna awo ankamwa mpaka kugona mu ngalande, koma kukacha ankalira ndi kaminga ngati mwana. Anati mowa umagonetsa phazi tsiku limodzi, osati kufikira chilonda chitakumba dzenje. Ndinatseka bokosi la zida nthawi yomweyo n'kupita naye ku chipatala chaching'ono cha pafupi.

Kumeneko anatsuka chilonda, namuyeza shuga. Sanamupeze naye. Anatitumiza ku chipatala chachikulu, kwa dokotala wa mitsempha. Tinadikira pa benchi mpaka msana wanga unayamba kudandaula. Titalowa tinapeza kuti adokotalawo ndi mayi wachitsikana, msinkhu wa mwana wanu woyamba. Ndinakayika mumtima, koma ntchito yawo amaidziwa. Anandilola kukhala nawo m'chipinda, choncho zimene ndilembe apa ndinaziona ndi maso anga.

Poyamba anamuyendetsa m'khonde, kupita ndi kubwera, iwo akuyang'ana miyendo. Kenako anamuimika, mapazi ataphatikiza. Anaima bwinobwino. Anamuuza kuti atsinzine. Atangotsinzina anayamba kugwedera, napendekeka ngati thumba lopanda chotsamira, ndipo akanagwa pansi namwino akanapanda kumugwira. Adokotala anamufunsa ngati amagwa akamasamba kumaso ndi sopo. Mzime anandicheukira nafunsa ngati ndine ndawauza. Ine sindinkadziwa n'komwe. Pamenepo ndinakumbukira kuti ku tchalitchi tikaimirira kupemphera, iye amagwiritsa benchi la kutsogolo ndi manja awiri. Ndinakumbukiranso kuti ku hotela kuja amachepetsa magetsi m'chipinda chodyera kuti alendo asangalale.

Atamugoneka pa bedi, anamuphimba maso, nagwira chala chachikulu cha phazi, akuchikweza ndi kuchitsitsa, kuti iye azinena kumene chaloza. Ankangolotera. Adokotala anamuuza kuti ngati sakudziwa anene kuti sakudziwa. Iye anati ku hotela mlendo akafunsa za chakudya suyankha kuti sindikudziwa, umanenako kanthu. Adokotala anaseka, nati kuno mlendo ndi iyeyo, apumuleko.

Anatenga kachitsulo ka mphanda kamene kamanjenjemera akakamenya. Atakaika pa fupa la dzanja, anakamva. Pa kakolo sanamve kanthu, pa bondo pang'ono chabe. Kenako anamumenya pansi pa bondo ndi kanyundo ka labala, mwendo unangoti zii. Pofuna kumuonetsa m'mene ziyenera kukhalira, anapempha bondo langa. Mwendo wanga unadumpha, pang'onong'ono kugwetsa tebulo la mankhwala. Mzime anaseka mpaka misozi, nati wakhala zaka zonsezi osadziwa kuti achimwene ake amavina. Ndinamuleka. Ndinali ndisanamve kuseka kwake kotero chichokere alamu.

Anamuunikanso m'maso ndi tochi. Anati timwana ta m'maso mwake n'tating'ono, ndipo sitisintha ndi kuwala monga ta anthu ena, koma timachepa akayang'ana chala chili pafupi ndi mphuno. Anamufunsa za ululu. Apa ndi pamene anaulula kuti kwa zaka zingapo miyendo imamubaya mwadzidzidzi ngati mphezi, kamodzi apa, kamodzi apo, n'kusiya yokha. Anati ankaluma mpango kuti alamu asamve. Anamufunsanso za mkodzo, iye nayankha motsitsa mawu.

Adokotala anatifotokozera mosazungulira. Anati m'kati mwa fupa la msana muli njira imene imanyamula uthenga kuchokera ku mapazi kupita ku mutu, wonena pamene phazi laponda. Kwa Mzime njirayo yadyeka. Mphamvu m'miyendo zilimo, koma mutu sukudziwa kumene miyendoyo ili, choncho maso ndiwo akugwira ntchito ya mapazi. Mu mdima, kapena akatsinzina, palibe womuuza. Kumenyetsa phazi pansi kuja n'kufuna kumva kuti wafika pa nthaka. Ndinafunsa ngati ndi mowa. Anati mowa nawonso umawononga mitsempha, koma zimene aona, makamaka za m'masozo, zikuloza kwina. Anati sanganene ndi maso okha. Afunika magazi, ndiponso madzi a mumsana.

Anamugoneka m'wodi tsiku lomwelo. Magazi anapereka mosavuta, koma za madzi a mumsana anakana. Woyandikana naye bedi, dalaivala wina wa malole wodwala shuga, anali atamuuza kuti akafuna kukupopa madzi amenewo uyambe wagawa malaya ako. Ndinamuuza dalaivalayo kuti asamale za shuga wake, chiwongolero cha nkhaniyi si chake. Mzime ndinamuuza kuti munthu woyenda pa msomali asandiuze kuti akuopa singano. Namwino anamufotokozera kuti amatenga madontho ochepa okha, ndipo thupi limabwezeretsa. Anavomera. Anamupinda ngati khanda, mawondo ku chifuwa, ine nditamugwira mapewa. Mutu unamupweteka pambuyo pake, n'kusiya. Malaya ake akali nawo.

Zotsatira zitabwera, adokotala anatiitanira m'kachipinda ka pambali, namufunsa ngati akufuna kuti ine ndituluke. Anati ndikhale. Kachilombo kaja mukuganiza sanamupeze nako. Zina zimene ankakayikira sanazipezenso. Chimene anapeza m'magazi ndi m'madzi a mumsana ndi chindoko. Dzinali ndalilemba kamodzi, ndipo sindilibwerezanso.

Anati matendawa analowa kale kwambiri, mwina zaka makumi awiri zapitazo kapena kupitirira. Amayamba ndi kachilonda kosapweteka kamene kamapola kokha, munthu n'kuyesa kuti wachira. Ndiye amabisala m'thupi, ndipo mwa anthu ena amene sanalandire mankhwala amadzadya msana pang'onopang'ono. Adokotala sanamufunse kumene anawatenga. Inenso sindinamufunse. Inunso musadzamufunse.

Mankhwala alipo. Akumupatsa penisilini wa m'diripi usana ndi usiku, ndipo akuti zikhala choncho pafupifupi masabata awiri, kenako azidzabwera kudzayezedwanso. Akuti mankhwalawo aimitsa matenda, koma zimene zinadyeka sizibwerera zonse. Aziyenda ndi ndodo, pamalo owala, ndipo tsiku lililonse aziyang'ana pansi pa mapazi ndi galasi. Thireyi sadzanyamulanso. Zonse zija anazimva mutu uli chilili, koma atamva za thireyi anauweramitsa. Akutinso pamene afika matendawa satengedwa pa mbale, pa zofunda kapena pa moni, choncho pasadzakhale womupatula.

M'mawa amabwera bambo wina wophunzitsa odwala kuyenda. Amamuyendetsa pakati pa zitsulo ziwiri, namuuza kuti aike chidendene pansi mofatsa. Mzime akuti wayenda pakati pa matebulo moyo wake wonse osagunda mpando, lero akumuombera m'manja chifukwa chofika pa khoma. Komabe akuchita zimene akuuzidwa. Mnzake wina wa ku hotela anabwera kudzamuona. Mzime anangomuuza kuti ndi mitsempha, ndipo sananame.

Tsopano ndafika pa cholinga cha kalata. Tsiku la zotsatira lija adokotala anamufunsanso za banja. Mzime anati ali ndi mkazi ndi mwana mmodzi wamkazi, ndipo asanabadwe ameneyo, mimba imodzi inapita padera, mwana wina anabadwa atafa kale. Adokotala anaika cholembera pansi. Anati sangalumbire kuti chinachititsa ndi chimenechi, koma matendawa amachita zotere. Anati alamu ayenera kukayezetsa magazi, mwananso chimodzimodzi, ngakhale onse akuoneka athanzi, pakuti Mzime nayenso ankaoneka wathanzi zaka zonse zija. Akawapeza nawo, pali jakisoni, ndipo zisafike pamene zafika kwa iye.

Titabwerera pa bedi, Mzime anandigwira dzanja nandipempha kuti ndisalembe kwathu. Anati anthu apitirize kumutcha chidakwa. Anati chidakwa amachiseka koma amachipatsa mpando, pamene dzina linali lilibe mpando pakhomo pa munthu. Anati mayi a mwana wake anasenza okha mlandu wa ana awiri aja, akunenedwa kuti mimba yawo ndi yosasunga, ndipo akadzamva kumene zingakhale zinachokera sadzamuyang'ananso kumaso.

Ndinamuyankha kuti ngakhale lero sakumuyang'ana. Ndinati dzina la chidakwa likupweteka iye yekha, koma kukhala chete kwake n'kusiya msomali mu nsapato ya mkazi wake ndi ya mwana wake, nawonso osaumva. Ndinati chabwino n'chakuti awauze yekha. Anati pakamwa pake sipangathe. Ndinati ndiye andilole ine. Anatembenukira ku khoma.

Sindinafune kulemba mozemba, chifukwa matendawa ndi ake. Choncho ndinadikira. Nthawi yoona odwala ikakwana ndinkapita n'kukhala pa mpando osanena kanthu, iyenso osanena kanthu. Dalaivala uja anati sanaonepo abale ocheza mokoma ngati ife, ndipo anapempha kuti tichepetseko phokoso, odwala akufuna kupuma.

Dzana ndinamutengera nsapato zake. Msomali ndinauzula, pansi ndinaika labala wofewa wosaterera, m'kati ndinayala chikopa chatsopano. Anazilandira nalowetsa dzanja m'kati monga ndimachitira ine, akupapasa mpaka ku zala. Anazipukuta ndi ngodya ya nsalu ya pabedi, ngakhale zinali zowala kale. Kenako, osandiyang'ana, anati mayi a mwana amaopa singano, ndipo tsiku lina anakomoka ku sikelo akuwatenga magazi. Anati amene adzawaperekeze aonetsetse kuti adya kaye, ndipo aime mbali imene iwo adzatembenuzire nkhope, kuti apeze munthu womuyang'ana. Ndinamufunsa ngati akutanthauza kuti ndilembe. Anati achimwene ake ndi okalamba, koma si ogontha.

Pempho langa ndi limodzi, mlongo wanga. Muwauze alamu inu nokha, muli awiri, chitseko chotseka. Musatume amuna anu, ndipo musadzere kwa amayi a ku tchalitchi. Mukatero mupite nawo ku chipatala, iwo ndi mwana, mukanene chimene chapezeka mwa mwamuna wawo. A chipatala akudziwa chochita. Mwanayo wakula tsopano, koma zomuuza ndi pamene alekezere asankhe mayi ake.

Akakwiya, alekeni akwiye, ali ndi chifukwa. Musawanyengerere kuti abwerere kwa Mzime, ndipo musawaletse. Zimenezo n'zawo, iyenso sanapemphe. Koma mawu aja ananenedwa pakhomo pathu za mimba yawo musawasiye choncho. Ena amene anawanena anagona kale. Otsala ndife. Muwauze m'dzina la banja lathu kuti mawuwo tawabweza.

Za botolo, mudziwa nokha chonena mukamamulembera. Akatuluka akhala ndi ine; chibale ndi fupa, sichiola. Mayi wa zipatso wanena kale kuti pansi pa malata pali malo a mpando wachitatu, ndipo munthu wodziwa kulandira alendo ngati iyeyo agulitsa nthochi kuposa mwini wake. Akuti angosiya kuwaphera nyerere, zatha.

Mupereke moni kwa amuna anu, kwa ana anu onse ndi zidzukulu, kwa azakhali ngati makutu akuwalolabe kumva, ndi kwa msuweni wathu kalipentala. Mwana wa Mzime mumuuze kuti bambo ake amafunsa za sukulu yake nthawi zonse. Kwa alamu, moni wanga mupereke musanayambe nkhani, chifukwa pambuyo pake mwina saufuna.

Mundiyankhe mukangochoka ku chipatala, zikhale zabwino kapena ayi. Mzime safunsa, ndikumudziwa. Koma kuyambira mawa, ndikalowa m'wodi aziyamba wayang'ana m'manja mwanga asanandiyang'ane kumaso.

Musaiwale: adye kaye, ndipo muime mbali imene atembenukire.

Ndine mlongo wanu wamkulu,
wosoka nsapato